Lipoti la msonkhano wa ku Guildhall ya Leicester ndi nkhani ya holo yathu

A Wapampando, akuluakulu a komiti, amayi, abambo ndi achinyamata a bungwe lathu,

Munandituma kukakuimirirani pa msonkhano wa magulu a anthu okhala mumzinda muno wa Leicester, ku England, wokambirana za kasamalidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka nyumba zakale, umene unachitikira ku Guildhall. Ndapita ndipo ndabwerako ndi mawu amene ena a inu sawalandira msanga. Ndisazungulire: ndikupempha kuti nkhani yogula tchalitchi chotsekedwa chija kuti chikhale holo ya bungwe lathu tiyambe taiimika. Sindikunena kuti tiitaye. Chimene chandifikitsa pamenepa ndi mbiri ya nyumba yomwe tinasonkhanamoyo, choncho mundilole ndiifotokoze mokwanira, za malamulo ndi ndalama zibwere pambuyo.

Ambiri a ife timaidutsa nyumbayi tikamapita kumsika kapena ku masitolo a Highcross, koma ndi ochepa amene analowamo. Ili pa Guildhall Lane, pambali penipeni pa Cathedral, yomangidwa ndi mitengo yoonekera kunja, pulasitala pakati pa mitengoyo. Ukalowa pakhomo umatulukira pakabwalo kozunguliridwa ndi nyumba mbali zonse, ndipo phokoso la mumsewu limathera pomwepo. Eni ake oyamba sanali boma kapena mfumu. Linali bungwe la anthu a m'tauni, lotchedwa Guild of Corpus Christi, lomwe linayamba mu 1343 mogwirizana ndi tchalitchi cha St Martin, chomwe lero ndi Cathedral ija. Mamembala ankasonkha ndalama. Ndalamazo zinkalipira ansembe oti azichita Misa yopempherera mamembala amene anamwalira, zinkayendetsa mdipiti ndi phwando la chaka ndi chaka pa tsiku la Corpus Christi, ndipo monga mabungwe ambiri otere a nthawi imeneyo, ankagwirana mkono wina akagwa m'mavuto. Mayi amene ankatifotokozera mbiriyi atafika apa, ine ndinaona bungwe lathu lomwe lino. Ifenso tinayamba chifukwa cha maliro, pamene tinaona kuti m'bale akatisiya kuno, banja lokha silingathe kutumiza thupi kumudzi. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anali anthu opeza bwino kwambiri m'tauni yawo, pamene ife ambiri ndife a mashifiti.

Bungwe la Corpus Christi litangokwanitsa zaka zisanu, mliri waukulu uja wotchedwa Black Death unafika ku England. Henry Knighton, wansembe wa ku Leicester Abbey amene analemba mbiri ya zaka zimenezo, anati m'parishi ya St Margaret mokha munafa anthu 700. Leicester panthawiyo inali tauni ya anthu masauzande ochepa chabe. M'dziko loti imfa ikulowa khomo ndi khomo, bungwe lolonjeza kuti ukafa udzaikidwa mwaulemu ndipo dzina lako lidzatchulidwa paguwa silikanasowa anthu. Mamembala ankalisiyira nyumba ndi malo m'mawilo awo, ndipo lendi yochokera m'nyumba zimenezo ndiyo inakhala msana wa bungwe.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pamene pagona pempho langa. Holo yaikulu imene tikuionayi inamangidwa cha m'ma 1390, patapita zaka pafupifupi 50 bungwe litayamba. Ndipo sanaimange yonse kamodzi. Anayamba ndi chigawo cha kum'mawa, cha m'ma 1450 anaitalikitsa, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400 anawonjezera nyumba ya mbali ya kumadzulo. Zimenezi sizofunika kuuzidwa, zimaoneka ndi maso. Tinaimirira pakati pa holo n'kuyang'ana kudenga. Ku chigawo chakalecho kuli mitengo ya oak ikuluikulu yopindika, yochoka m'munsi mwa khoma n'kukhota kukwera kukanyamula denga, yolumikizidwa ndi zikhomo za mtengo. Ukasuntha mapazi pang'ono kulowera kumadzulo, kamangidwe ka denga kamasintha, ndipo umadziwa kuti apa panagwira amisiri ena, a m'badwo wina. Anthu olemera a m'tauni, okhala ndi nyumba za lendi, ankamanga pang'onopang'ono monga thumba linkawalolera. Amene anasonkha ndalama zoyamba mu 1343 ambiri sanaione n'komwe holoyo.

Chachiwiri chimene chinaipulumutsa nyumbayi chinayamba mwakachetechete. Akuluakulu a bungweli ndi omwenso ankayendetsa tauni. Munthu yemweyo dzulo ali mkulu wa bungwe, mawa ndi meya. Choncho pofika 1495, akuluakulu a tauni anali atayamba kuchitira misonkhano yawo mu holo ya bungwe, chifukwa inali yaikulu ndi yabwino kuposa yawo yakale. Ndisabise kuti mbali imeneyi ili ndi kuipa kwake. Mu 1489 lamulo la Nyumba ya Malamulo linachotsa mphamvu yosankha meya m'manja mwa anthu wamba a ku Leicester n'kuipereka kwa akuluakulu 24 ndi anthu ena 48 osankhidwa ndi akuluakuluwo. Holoyi inali ya anthu ochepa ogawana maudindo okhaokha, ndipo mmisiri wosauka ankalowamo makamaka akaitanidwa kukayankha mlandu. Komabe, mwa njira imeneyi nyumba inapeza oigwiritsa ntchito awiri m'malo mwa mmodzi.

Phindu la zimenezi linaoneka mu ulamuliro wa Mfumu Edward VI. Dziko litasiya chiphunzitso chopempherera akufa, lamulo la 1547 linathetsa mabungwe onse otere ndi kulanda chuma chawo. Mu 1548 Guild of Corpus Christi inatha, itakhalapo zaka 205. Sinagwe chifukwa cha ngongole kapena mkangano wa mamembala. Lamulo linangosintha ku London, basi. M'matauni ambiri maholo a mabungwe otere anagulitsidwa kwa anthu wamba, ena anagwetsedwa. Ya ku Leicester nayonso inadutsa m'manja mwa anthu ena, koma akuluakulu a tauni anali kale m'katimo ndipo sanatulukemo. Mu 1563 anaigula ndi ndalama yongopitirira pang'ono mapaundi 25, ndipo kuyambira pamenepo inakhala likulu la tauni kwa zaka zoposa 300.

Zimene zinkachitika m'nyumbamo zaka zimenezo n'zochuluka, ndingotchula zina. Munkakhala khoti, ndipo woweruza wa tauni anali ndi chipinda chake chogona momwemo akabwera kudzazenga milandu. Magulu oyendayenda a zisudzo ankasewera mu holo yomweyo. Munkachitika maphwando a meya, kuphatikizapo lokondwerera kugonjetsedwa kwa zombo zankhondo za Spain mu 1588. Mu 1632 mabuku a tauni anasamutsidwa kuchoka m'tchalitchi cha St Martin kupita m'chipinda chapamwamba cha mbali ya kum'mawa, ndipo laibulaleyo ndi imodzi mwa zakale kwambiri za anthu onse m'dziko lino. Inafika posunga Chipangano Chatsopano cha Chigiriki cholembedwa pamanja m'zaka za m'ma 1400, chimene akatswiri a Baibulo amachitcha Codex Leicestrensis, mphatso ya mphunzitsi wina wobadwira dera lino, Thomas Hayne. Lero chikusungidwa ku ofesi yosunga zolembedwa zakale za chigawo chino. Mu 1637 anakongoletsa chipinda cha meya ndi matabwa osema, ndipo pamwamba pa malo osonkhera moto pali chosema chopakidwa utoto ndi golide chomwe mpaka lero chimaimitsa munthu.

Nkhondo yapachiweniweni inaipezanso. Mu 1642 Prince Rupert, mphwake wa Mfumu Charles I, analamula tauni kuti ipereke mapaundi 2,000. Akuluakulu anapereka 500 n'kukadandaula kwa mfumu. Kumapeto kwa Meyi 1645 asilikali a mfumu anathyola linga la tauni, nkhondo inafika mpaka m'misewu yozungulira St Martin, ndipo asilikaliwo analowa mu Guildhall n'kufunkha, kutenga ndodo yaulemu ya meya ndi chidindo cha tauni. Patangopita milungu iwiri, mfumuyo inagonja ku Naseby. Ndodo ina imene anaipanga pambuyo pake ili ndi nkhani imene inandikhudza kuposa ya nkhondoyo. Lamulo la 1835 litasintha kayendetsedwe ka matauni, mu 1836 munalowa khonsolo yatsopano ya anthu amene ankadana ndi katangale ndi madyerero a akuluakulu akale. Mkwiyo wawo unali ndi chifukwa. Koma pofuna kuonetsa kuti zakale zatha, anagulitsa pa okushoni ziwiya zasiliva za tauni pamodzi ndi ndodoyo. Patapita zaka 30, tauni yomweyo inachita kuigulanso. Komiti iliyonse yatsopano imalowa ndi mtima wofuna kusesa, ndipo ifenso tikusankha komiti chaka chamawa. N'chifukwa chake nkhani ya yemwe angaloledwe kugulitsa katundu wa bungwe iyenera kulembedwa pamene tonse tikugwirizana.

M'chaka chomwecho cha 1836 Leicester inakhazikitsa apolisi ake oyamba, ndipo Guildhall inakhala polisi siteshoni. Pakabwalo paja anamangapo nyumba ya njerwa ya mkulu wa apolisi, ndipo pansi pa laibulale anakonzapo zitokosi. Tinalowamo awiriawiri chifukwa n'zopanikiza. Chitseko chake n'chochindikala, kuwala kumalowa pang'ono, ndipo kuzizira kumakulowa m'mafupa ngakhale uli ndi jekete. Pamwamba pa mutu wako pali mabuku a Chilatini ndi Chigiriki. Bambo wina wa gulu lina anati zitokosizo zinaipitsa nyumba yokongola. Ine sindinamuvomereze. Wapolisi amene ankagona pamenepo usiku ndi amene ankamva denga likayamba kudontha.

Nthawi imene nyumbayi inatsala pang'ono kufa sinali ya mliri, ya kusintha kwa chipembedzo kapena ya nkhondo. Inali nthawi ya chuma. Mafakitale a masokosi ndi nsapato anakulitsa Leicester kuchoka pa anthu pafupifupi 17,000 mu 1801 kufika oposa 200,000 mu 1901. Holo yamitengo inachepa, ndipo mu 1876 khonsolo inasamukira ku Town Hall yatsopano, ya njerwa zofiira ija timakalembetsako ana ndi maukwati. Guildhall inatsala yopanda ntchito yeniyeni. Kwa kanthawi munali sukulu yophunzitsa kuphika, koma nyumba inkangowonongeka, mpaka anthu anayamba kunena poyera kuti ndi yonyansa, igwetsedwe. Amene analimbana nazo ndi bungwe la anthu okonda mbiri, Leicestershire Archaeological and Historical Society, lomwe lilipo mpaka lero. Khonsolo inavomera kuikonza m'zaka za m'ma 1920, ndipo mu 1926 inatsegulidwa ngati nyumba yoonetsera zinthu zakale. Chaka chotsatira, St Martin inakhala Cathedral.

Zotsalazo ena mwa inu munaziona ndi maso. Mu Seputembala 2012, ofukula zakale a University of Leicester analengezera mu holo yomweyi kuti pamalo oimikapo magalimoto apafupi apezapo mafupa amene angakhale a Mfumu Richard III, yemwe anaphedwa ku Bosworth mu 1485. Zitatsimikizika mu Febuluwale 2013, chionetsero choyamba chinaikidwa mu Guildhall ndipo anthu ankaima pamzere wautali panja. Mfumuyo inaikidwanso m'manda mu Cathedral mu Malichi 2015. Lero mu holomo mumachitika maukwati, zoimbaimba, nthabwala pa nthawi ya Leicester Comedy Festival, maulendo a ana asukulu ndi misonkhano ngati umene munanditumawu.

Pankhani ya maukwati ndi nthabwalayi panabuka mtsutso umene unatenga nthawi. Ena ankati nyumba ya zaka zoposa 600 siyoyenera kumamwerwamo vinyo ndi kusekeramo, ulemu wake umachepa. Ena ankati popanda zimenezi ndalama zotenthetsera ndi kukonzera zichokera kuti. Ine ndinaima ndi achiwiriwa, koma osati chifukwa cha ndalama zokha. Holoyi anaimangira phwando. Azisudzo analowamo zaka 400 zapitazo. Amene akufuna kuti ikhale chete akufuna chinthu chimene sichinakhalepo, kupatula zaka zija inkawola. Wina anapereka chitsanzo cha holo ya Leicester Castle, yomwe ndi yakale kuposa Guildhall, ya m'ma 1150. Inali khoti kwa zaka mazana ambiri mpaka 1992. Makhoti atachoka inakhala yotseka zaka zoposa 20, osowa woitenga, mpaka De Montfort University inaikonza n'kuyamba kuphunzitsiramo. Nyumba yamiyala yolimba chotero, ya khonsolo, pakati pa mzinda, inasowa chochita nayo kwa m'badwo wathunthu.

Tsopano za tchalitchi chathu chija. Masana tinagawidwa m'magulu, ndipo ine ndinalowa la ofuna kutenga nyumba yakale. Munali katswiri wojambula mapulani amene amagwira ntchito pa nyumba zotetezedwa, komanso mayi wina amene gulu lawo linatenga kale nyumba yotere. Zimene ndinamva n'izi. Ku England nyumba zotetezedwa ndi lamulo zili m'magulu atatu, Grade I, Grade II* ndi Grade II, ndipo kaundula wake amasunga ndi bungwe la boma lotchedwa Historic England. Guildhall ili mu Grade I, gulu la nyumba zochepa kwambiri. Zoposa 90 pa 100 zilizonse zili mu Grade II, momwe muli tchalitchi tikuchifunacho. Ena mwa ife takhala tikuganiza kuti chitetezocho chimakhudza kunja kokha. Ayi, chimakhudza ndi m'kati momwe. Kuchotsa mabenchi okhomerera, kugwetsa guwa, kuboola khoma kuti pakhale khitchini, kusintha mawindo, zonsezi zimafuna chilolezo chapadera cha khonsolo, chosiyana ndi chilolezo wamba cha mapulani, ndipo kuchita popanda chilolezocho ndi mlandu woti munthu akhoza kuimbidwa kukhoti. Maganizo aja oti anyamata athu omanga adzagwira ntchitoyo Loweruka ndi Loweruka mwaulere sangatheke momwe tinkaganizira. Akhoza kuthandiza, koma pansi pa katswiri ndiponso ndi zipangizo zovomerezeka.

Katswiriyo anatitulutsa panja n'kutionetsa chifukwa chake. Makoma akale anamangidwa ndi laimu, ndipo laimu amalola chinyezi kutuluka. Ukamata simenti pamwamba pake, madzi amatsekeredwa m'kati, njerwa zimafumbutuka, mtengo umaola uli chiimire. Anati mdani wamkulu wa nyumba yakale si zaka, ndi madzi, ndipo nthawi zambiri amayambira pa kanthu kochepa: ngalande ya padenga yodzaza masamba, kapena sileti imodzi yosuntha imene palibe waiona. Nyumba ikakhala yotseka nyengo yozizira kangapo, mtengo woigulira umatsika, koma woikonzera umakwera kuposa pamenepo. Tchalitchi chathu chija chatsekedwa kwa nthawi, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anakwerapo kudenga. Mtengo wotsika umene watikopawu uyenera kutichititsa mantha tisanasangalale.

Mayi uja anawonjezera zimene mapepala ogulitsira nyumba sanena. Inshuwalansi ya nyumba yotetezedwa imawerengedwa pa mtengo woimanganso momwe inalili, osati pa mtengo umene munagulira. Kutenthetsa chipinda cha denga lalitali kumadya ndalama mwezi ndi mwezi, kaya muli anthu kaya mulibe. Pamafunika njira yolowera a njinga za olumala, zimbudzi zokwanira, zozimira moto, ndi munthu wokhala ndi makiyi amene angadzuke usiku alamu ikalira. Anati gulu lawo linapulumuka chifukwa pakati pa sabata muli sukulu ya mkaka yolipira lendi. Ndinawerenga mumtima zochitika zathu: msonkhano wa pamwezi, kalasi ya Chichewa ya ana Loweruka, chikondwerero cha 6 Julaye, Khirisimasi, zinkhoswe zingapo, ndi maliro akagwa. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu nyumbayo izikhala yokhoma. Pamenepo tidzakhala tagula Guildhall ya 1900, osati ya 1600.

Thandizo la ndalama lilipo. Anatchula National Lottery Heritage Fund ndi Architectural Heritage Fund, ndipo lachiwirili limathandizanso magulu kulipira kafukufuku woyamba woona ngati ntchito ingatheke. Koma onsewa amafuna kuona bungwe lolembetsedwa mwalamulo, mabuku a ndalama owerengedwa bwino, ndi umboni woti nyumbayo idzatumikira anthu ambiri, osati ife tokha. Palinso nkhani imene sindingaiweruze ndekha. Ndalama za National Lottery Heritage Fund zimachokera ku matikiti a lotale. Tili ndi abale a mipingo ina komanso abale athu achisilamu amene kwa iwo imeneyi ndi ndalama ya juga. Tisadzafike polemba kalata yopempha tisanawafunse, chifukwa holo imene ena sangalowemo ndi mtima woyera idzatigawa.

Ndikudziwa chifukwa chimene ambiri mukufunira holo yathuyathu, ndipo chifukwacho n'choona. Tonse tinalipo tsiku lija la maliro pamene woyang'anira holo ya lendi anayamba kuzimitsa magetsi nthawi itakwana, anamfedwa adakali pansi, nyimbo ili pakati. Amayi athu amaphika nsima kunyumba n'kuinyamula m'makula bokosi chifukwa makhitchini ambiri salola mapoto athu. Ana a kalasi ya Chichewa asamutsidwa malo kangapo, ndipo kusamuka kulikonse timataya ena. A Msungichuma atiuza kangapo kuti ndalama ya lendi tikanaisunga bwenzi ili poti. Zonsezi ndinapita nazo kumsonkhano ndipo ndinazinena. Yankho limene ndinalandira, lomwe ndikuligwirizana nalo, n'lakuti mavuto amenewa akufuna chipinda chodalirika chokhala ndi khitchini ndi makiyi m'manja mwathu. Sakufuna kuti tikhale eni denga la zaka zoposa 100. Mumzinda muno muli mipingo ndi magulu amene ali ndi nyumba koma anthu awachepera, ndipo akusowa wogawana naye mabilu. Awiri mwa oterewa anandipeza pa nthawi ya tiyi. Pangano la zaka zingapo ndi gulu lotere, lolembedwa bwino, lotipatsa masiku athu okhazikika, kabati yathu, ufulu wophika ndi wochezera pa maliro, lingatichotsere manyazi aja chaka chino chomwe. Akuluakulu a tauni ya Leicester anakhala m'nyumba ya eni ake zaka pafupifupi 70 asanaigule, ndipo pamene ankagula ankadziwa thabwa lililonse la nyumbayo.

Pali ntchito ina imene sikudikira holo. Bungwe lathu mpaka pano likuyenda ndi malamulo a masamba awiri ndi akaunti yosainira anthu atatu. Mwalamulo, gulu losalembetsedwa silingakhale mwini nyumba m'dzina lake. Nyumbayo imalembedwa m'maina a anthu, ndipo ngongole ikabwera imatsata anthuwo. Tinalangizidwa kulembetsa ku Charity Commission, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwe othandiza anthu, ngati Charitable Incorporated Organisation, kuti bungwe lizitha kusaina pangano palokha. M'malamulo a bungwe lotere mumayenera kukhala ndime yonena kumene katundu adzapite bungwe likadzatha, ndipo sagawidwa kwa mamembala, amapita ku ntchito yofanana nayo. Ena adzati kukamba za kutha kwa bungwe ndi kulodza. Koma a Corpus Christi sanaganizepo kuti lamulo lingawathetse, ndipo ife tikukhala m'dziko limene malamulo a zitupa amasintha kawirikawiri. Ena adzabwerera kumudzi, ana athu adzakhala ndi zofuna zawo. Ndi bwino tinene tokha lero kuti thumba la maliro ndi katundu yense adzatsala ndi yani.

Ndikhudzenso za mabuku a A Mlembi. Zonse ndafotokozazi, mtengo wa 1563, mapaundi 500 a Prince Rupert, okushoni ya 1836, zikudziwika chifukwa wina ankalemba ndipo wina ankasunga. Maminitsi athu a zaka zoyambirira ali m'mafoni a anthu, ena mwa iwo anachoka. Maina a abale amene tinawaperekeza kumudzi sali pamalo amodzi. Kumsonkhanoko kunali wogwira ntchito yosunga zolembedwa zakale, ndipo anati maofesi otere amalandira zolemba za magulu ngati lathu, chifukwa ifenso ndife mbiri ya mzinda uno. Ndikupempha achinyamata awiri athandize A Mlembi kusonkhanitsa zonse, zisindikizidwe papepala.

Choncho, A Wapampando, pa msonkhano wa mwezi uno ndikupempha tivotere kuimika zokambirana ndi ogulitsa tchalitchi chija, ndi kupatsa komiti mphamvu yokakumana ndi magulu awiri anandipeza aja n'kudzatiuza zimene angatipatse ndi mtengo wake. Tisankhenso anthu atatu oyamba ntchito yolembetsa bungwe. Ngati ambiri adzafunebe tchalitchicho, ndiye tisapereke ndalama iliyonse ya chikole tisanalipire katswiri wodziwa nyumba zotetezedwa kuti akwere kudenga ndi kutilembera zimene wapeza. Ndalama imeneyo ichokere m'thumba la chitukuko, thumba la maliro lisakhudzidwe.

Mapepala onse a kumsonkhano ndawasiya kwa A Mlembi, ndipo aliyense wofuna kuwerenga awafunse. Malisiti a ulendo ali kwa A Msungichuma. Kulowa mu Guildhall n'kwaulere masiku amene mulibe zochitika zapadera, ndipo aphunzitsi a kalasi ya ana avomera kuti Loweruka lina tisanavote tipite nawo kumeneko. Ndikupempha makamaka amene simukugwirizana nane kuti mubwere, mudzaone nokha denga lija ndi zitokosi zija, kenaka tidzatsutsane bwino pa msonkhano.

Ine nthumwi yanu.